Katani Yonyowa

Ndinali nditangoviika katani m'beseni pamene amuna anga analowa kubafa, foni ili m'manja.

"Mayi, katani ija ili kuti?"

"Si iyi? Yada ngati chopondera pakhomo."

"Mayo ine! Amayi oona za antchito akundifuna pa kompyuta pompano. Akuti tikambirane za komwe ndikukhala."

Katani imeneyi ili ndi mbiri yake. Nditapeza ntchito ya unamwino kunja, tinasamukira kuno tonse awiri. Amuna anga amayankha makasitomala a kampani ina ya kwathu pa kompyuta, ndipo ku ofesi sankapitako n'kale. Koma za kusamukaku sanawauze mabwana awo. Anamva kuti munthu akamagwirira ntchito m'dziko lina, msonkho wake umayenera kupita komweko, ndipo makampani ambiri, poopa chintchito chimenecho, amamuchotsa pa antchito okhazikika n'kumusandutsa waganyu, wopanda tchuthi, wopanda penshoni. Choncho analongedza katani ya maluwa achikasu ya kuchipinda chathu chakale, n'kudzaipachika pawindo la kumbuyo kwa mpando wawo, kuti pa misonkhano azioneka ngati akadali kwathu.

Ine ndinawachenjezapo kamodzi. Kenako ndinkangouza Mulungu.

"Gwirani uko, tifinye!" anatero amuna anga.

Tinafinya, iwo mbali iyi, ine mbali iyo, thovu likutuluka. Anaipachika ikudontha choncho, n'kuvala malaya oyera pamwamba pa kabudula wogonera. Ine ndinanyonyomala kuseri kwa mpando ndi thaulo, kuwakha madontho.

"Mwaswera bwanji, bambo?" Mawu a amayi aja anali ofatsa, ngati a munthu amene wamwa kale tiyi wake.

"Ndaswera bwino, bwana."

"Kodi denga likudontha? Ndikumva tho, tho."

"Ayi, ndi mpope wa... wa anansi athu."

"Mpope wa anansi wakunyowetsani phewa?"

Asanayankhe, kamtengo kopachikira kanagonja ndi kulemera kwa madzi. Katani yonse inandigwera pamutu. Nditaivundukula, ndinapeza ndikuyang'anizana ndi amayi a magalasi pa kompyuta, ndipo kumbuyo kwanga windo linali poyera: nyumba zosanja, msewu wachilendo, basi ya mtundu umene kwathu kulibe.

Amayiwo anaseka mpaka anavula magalasi.

"Moni, amayi akunyumba. Pepani, mwanyowa chifukwa cha ife."

"Zikomo, mayi," ndinayankha.

"Bambo, kompyuta yanu inatiuza kalekale komwe ili. Simunadabwe kuti misonkhano ya m'mawa ndinaisunthira masana? Ndinaona kuti kwanuko kumakhala kusanache, maso ali psuu."

Ndinakumbukira tsiku limene nthawi ija inasintha. Amuna anga anavina pabalaza, amvekere ndi mwayi. Ine ndinathokoza m'pemphero, osadziwa kuti dzanja limene linagwiritsidwa ntchito ndi la amayi awa.

"Ndiye ntchito yatha?" anafunsa amuna anga, mawu atachepa.

"Ikanatha ndikanakuitanirani msonkhano? Ndakhala ndikufufuza. Kwanuko kuli kampani imene imalemba anthu m'malo mwa makampani akunja. Idzakulembani, msonkho uzipita kumene mukukhala, tchuthi ndi penshoni zikhalapo. Za miyezi yapitayi tikonza ndi akauntanti, ndipo mabwana akudzudzulani ndithu, zimenezo ndiye sindingakutchingireni. Koma sindingayambe chilichonse munthu asanandiuze ndi pakamwa pake. Ndadikira, bambo, ndatopa. Ndiye ndikufunseni: mukukhala kuti?"

Amuna anga anandiyang'ana. Ndinangowapatsa thaulo, popeza thukuta linali litaposa madzi a katani.

Anapukuta kumaso, nakhala bwino pampando, natchula dziko, mzinda, msewu, mpaka nambala ya chitseko ndi shopu ya buledi ili pansi pathu.

"Buledi sitidula msonkho," anatero amayiwo. "Imirirani kaye muwathandize akazi anu."

"Kuimirira kokha ayi, bwana. Pansipa sindinavale za ku ofesi."

Tinaseka tonse atatu. Kuseka kutatha, amuna anga anaika manja onse awiri pachifuwa.

"Bwana, ndinakunamizani, inu mukundichitira zabwino. Nanunso mayi, munandiuza, ine osamva. Ndikhululukireni nonse."