Mayeso a pa Foni a Che Yahaya

"Nditchula mawu atatu, muwasunge, ndikufunsaninso," anatero namwino Emelda pa foni imene inali pa mpando pakhonde. "Bulangeti, nthochi, ndowa."

Che Yahaya anabwereza monyadira. Korona anawagoneka m'chipatala akupumira makina, ndipo anatulukamo amoyo, koma mutu sunabwerere wonse. Tsiku lina anaiwala njinga pa Nkando n'kubwera wapansi, akuimba mluzu. Tsopano achipatala ankaimbira onse amene anadwalitsa kuti amve ngati akukumbukira bwino. Mayankho akakhala abwino, Loweruka aperekeza alendo kuphiri la Chambe, ntchito yawo kuyambira unyamata.

"Lero ndi lachingati, bambo?"

Che Yahaya anakanda ndevu. Akazi awo, a Safina, amene ankasankha nandolo pambali, anaweramira m'lichero. "Lachitatu," ananong'ona.

"Lachitatu!"

"Chabwino. Nanga mumagwira ntchito yanji?"

Apo ndiye anawaputa dala. "Mwanawe, ine phirili ndinayamba kulikwera ndilibe nsapato! Tinkatsika ndi matabwa a mkungudza pamutu, fungo lake kukakamira malaya mpaka ku mapemphero a Juma. Mayi a Sumaiya awa anandikondera fungo lomwelo."

"Bodza, munkanunkha thukuta," anatero a Safina, koma akumwetulira.

Che Yahaya anatchula mitsinje, miyala yoterera, ndi anzawo amene anagona kale. Zonsezo zinali mbee m'maso mwawo, ndipo anazisowa mpaka mtima kuwawa.

Emelda anaseka. "Mawu atatu aja mukuwakumbukira?"

Che Yahaya anafufuza m'mutu, osapezamo kanthu. A Safina ananong'onezanso limodzilimodzi, iwo n'kumabwereza ngati mwana wa ku madarasa.

"Mwakhoza zonse, bambo! Mutu wanu uli bwinobwino."

A Safina anapumira m'mwamba. Ankadziwa kuti amuna awo akawaletsa phiri adzafota pakhonde pomwepo. Koma Che Yahaya ankayang'ana kumtunda, kumene nkhungu ya chiperoni inali itayamba kumeza Chambe. Nkhungu imeneyo ikatsika, munthu suona ngakhale phazi lako. Njira imakhala m'mutu basi, ana a eni ake ali pambuyo pako. Anachita mantha.

"Musadule kaye foni, anamwino," anatero. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi a Sumaiya, kuphiri kuja mudzakhalako kuti muzindinong'oneza?"

A Safina ananyamula lichero lawo, napita kuseri kwa nyumba akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Yambaninso," anatero Che Yahaya. "Amene anakhoza uja ndi mkazi wanga."

Ulendo uno anakumbukira liwu limodzi lokha. Emelda anawauza tsiku loti akaonane ndi dokotala. Loweruka alendo anakwera ndi munthu wina, ndipo Che Yahaya anawaperekeza mpaka pothera minda ya tiyi. A Safina anapita nawo, ndipo pobwerera anatsogola ndi iwowo.