Nyimbo ya Mayi Wochapa Zovala

Ulemu Chikaonda anasiya ntchito yosamalira okalamba ku Etobicoke, m'dziko la Canada, ali ndi zaka makumi asanu, atasankhidwa kuti akaimbe m'sewero lakale la nyimbo lomwe gulu lina linkaliukitsa. Lisanalowe mu holo yaikulu ya ku Toronto, seweroli linayenera kuyesedwa kaye milungu itatu ku Brampton, kuti eni ake aone pomwe anthu akuseka ndi pomwe akuyasamula.

Ulemu ankasewera mayi wochapa zovala. Anali ndi nyimbo imodzi yokha, yolira mwana amene wapita kunkhondo. Tsiku loyamba atamaliza kuimba, holo yonse inangoti zii, kenako m'manja mosalekeza.

Koma sewerolo linkatalika. Woliyendetsa, Tony, ankakhala kumbuyo ndi wotchi, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera ndi mapepala atsopano. Lachiwiri anadula ndime imodzi ya nyimboyo. Lachinayi anamuitanira Ulemu pambali.

"Palibe nyimbo yoposa yanu," anatero Tony m'Chingerezi. "Vuto n'lakuti anthu akalira pamenepo, sakusekanso mpaka kumapeto. Tayichotsa."

Ulemu anangoti chabwino. Sanauze ngakhale mwamuna wake, Medson, amene anali atamemeza kale mpingo wonse kuti udzaonere Loweruka masana.

Anabweradi, anthu makumi atatu, amayi atavala zitenje mkati mwa majekete. Ulemu anawaona atadzaza mzere wachisanu. Nthawi yake itakwana, anadutsa pasiteji atasenza dengu la zovala n'kukatulukira mbali inayo. Basi. Anamva munthu mmodzi akuyamba kuomba m'manja, n'kusiya.

Panja, mmodzi wa amayi a mumpingowo, Mayi Mathilda a ku Chipata, anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Takuonani ndithu, amake Olivia," anatero, maso ali pansi.

Atalowa m'galimoto, Medson anamufunsa.

"Bwanji osandiuza?"

"Ndimati mwina aibwezeretsa."

Mlungu wachitatu Tony anaona kuti dengulo akhoza kulisenza mmodzi wa ovina. Sewero linapita ku Toronto popanda Ulemu.

Kunyumba ya okalamba kuja anapeza atalemba kale wina. Patapita miyezi iwiri anayamba kulongedza katundu m'makatoni ku Mississauga, ntchito yoimirira tsiku lonse. A kwaya ya kutchalitchi anamupempha kangapo kuti abwerere. Ankayankha kuti pakhosi sipali bwino, mpaka anasiya kumufunsa.