Dzina la a Mumba

Amayi Teresa a ku Luembe anali ndi mkwiyo umodzi wokha pamoyo wawo, ndipo ankaufungatira ngati nkhuku pamazira. Unali wa mlongo wawo Sitefano. Nkhondo ya ku Mozambiki imene anaithawa onse awiri itatha, iye anakwera lole yobwerera kwawo, iwo n'kutsala kuno ku Zambia pabanja. Analonjeza kutumiza mawu. Mawuwo sanafike.

Mwana wawo Rhoda, namwino ku Petauke, ndiye sanagwe ulesi. Akapeza mpata ankafufuza pa intaneti m'makaundula a ubatizo ndi a maliro a matchalitchi a ku Tete. Ankalemba dzina la agogo ake, Mumba. Ankatuluka anthu ambirimbiri, koma Sitefano osaoneka.

"Musiye," ankatero mayi akewo. "Anatitaya uja." Komatu foni ya Rhoda ikangolira, oyamba kutchera khutu anali iwo omwe.

Tsiku lina Rhoda atabwera kumudzi anakhala pafupi ndi nkhokwe, pomwe netiweki imagwirako, mayi ake akutong'ola chimanga. "Mumba, Mumba," ankang'ung'udza akulemba.

"Iwe, Mumba ni mnzako wosewela naye? Ni a Mumba! Ise kwathu sitinali kuchula dzina la atate lili maliseche."

Rhoda anaseka, ndipo pofuna kuwasereula analemba momwemo: Amumba. Kuseka kunathera pomwepo.

Analipo. Estevão Amumba, ndiye kuti Sitefano m'Chipwitikizi, mlimi wa ku Zumbo m'chigawo cha Tete. Zikuoneka kuti mlembi wa tchalitchi atafunsa dzina la bambo ake, Sitefano anayankha mwaulemu monga analeredwera, mlembiyo n'kumata zonse pamodzi. Zaka zonsezi Rhoda ankamulambalala chifukwa cha chilembo chimodzi.

"Welenga," anatero amayi Teresa, chitsononkho chili m'manja.

Rhoda anawerenga za ubatizo wa ana. Woyamba anali wamkazi, dzina lake Teresa. Kenako anafika patsamba la maliro. Sitefano anaikidwa m'manda dzinja lapitali.

"Dzinja lino lapita? Pamene n'nali kumutukwana mu munda wa thonje?"

Chisoni chinawagwira amayi aja, ndi manyazi omwe, poti munthu amene ankati anawaiwala ankatchula dzina lawo tsiku ndi tsiku pakhomo pake.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Funa mwana uja, mnzanga wa dzina. Koma ulembe na ulemu wake, ungamusowe nayenso."