Tsiku Limene Ensio Analowa M'sauna

Nthendayi tinatengera kwa bambo athu, ine ndi mlongo wanga Ensio. Madokotala amati soriasisi, ife timangoti mamba. Khungu limafiira, limayabwa mpaka kutuluka magazi, kenako n'kumayoyokera pampando uliwonse womwe wakhalapo. Zaka makumi awiri Ensio sanavulepo malaya pamaso pa amuna anzake. Kuno ku Finland mwamuna wosalowa m'sauna amamuona ngati mlendo, ndiye anzake akamatuluka thukuta m'kanyumba ka nthunziko iye ankatsala panja, kumawotcha masoseji.

Chaka chatha chipatala cha m'tauni chinaitana anthu oti chiwayesere mankhwala atsopano. Ankati ndi puloteni yomwe kale inkalowa m'thupi ndi jekeseni basi, koma tsopano aiika m'kachigamba kokhala ndi timinga tosaoneka ndi maso. Ukamata pakhungu, timingato timasungunukira m'kati. Nkhaniyi ndinaimva ndine pawailesi, fomu yanga ndi ya Ensio ndinalemba ndine, galimoto yopitira kumeneko inalinso yanga. Namwino wake, mayi wosaseka dzina lake Sointu, anatiuza kuti theka la ife lilandira mankhwala enieni, ena zigamba zopanda kanthu, ndipo ngakhale iyeyo sadziwa kuti ndani walandira chiyani. Lamulo lomwe anatsindika linali loti pasapezeke wolowa m'sauna kwa miyezi isanu ndi umodzi. Puloteni ikatenthedwa imapsa ngati dzira, ndipo wophwanya lamulolo amam'chotsa tsiku lomwelo.

Sointu kaya ankadziwa kaya ayi, koma ife pofika sabata yachisanu tinali titadziwa. Ensio anayera mbee. Ine ndinali chimodzimodzi, kukanda usana wonse ngati galu wa utitiri. Tikangokumana ankapinda malaya n'kundiikira chigongono pamphuno kuti ndione mmene chasalalira. Ndinkamwetulira, koma kunena zoona ndinkafuna kuchiluma.

Mu Juni, pachikondwerero cha pakati pa chilimwe, banja lonse linasonkhana ku kanyumba kathu ka kunyanja. Masana amuna anatenthetsa sauna, ndipo msuweni wathu Aulis, yemwe pakamwa pake sipatsekeka, anayamba zake.

"Iwe Ensio, khungu lasalala chonchi ukusungira ndani? Kapena tikusokere diresi ukakhale ndi azimayi?"

Ensio anaseka, n'kuchita nzeru yomwe mpaka lero imandipsetsa mtima. Anamatula chigamba chija bwinobwino, n'kuchiika m'firiji pambali pa mowa, ati kuti chisapse. Chitsiru! Mankhwalawo anali atalowa kale m'khungu lake, chomwe ankaziziritsacho chinali pulasitiki chabe. Analowa. Ndinamva madzi akuthiridwa pamiyala yamoto, ndinamva akukwapulana ndi nthambi zamasamba monga amachitira m'sauna, ndipo patapita kanthawi Ensio, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, anatuluka ali mbulanda, akuthamanga ngati mwana, n'kudziponya m'madzi. Atavuuka ankalira ndi chisangalalo. Anandipeza pakhonde akudontha madzi, n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, chonde musakanene. N'kamodzi kokha."

Lolemba m'mawa ndinaimbira Sointu. Sanandifunse zambiri, koma ine ndinam'patsa zonse, tsiku, ola, ndi nthawi yomwe anakhalamo. Ndinkadziuza kuti ndikuteteza kafukufuku, kuti odwala ena asadzapwetekeke ndi zotsatira zabodza. Bodza lenileni. Ndinkafuna kuti naye ayambirenso kukanda.

Atamufunsa anavomera, chifukwa Ensio kunama sakutha. Anam'landa zigamba zotsala n'kumuthokoza chifukwa chotenga nawo mbali. Iye anaganiza kuti wamuneneza ndi Aulis, ndipo kuyambira pamenepo salankhulana. Ine sindinam'konze maganizowo, ndinangoti anthu ena sasunga pakamwa. Pofika Okutobala mamba anali atabwerera, ndipo ulendo uno anakwera mpaka m'khosi ndi kuseri kwa makutu, komwe kale sankafika.

Kafukufuku atatha ndinalandira kalata. Onse amene anapirira mpaka kumapeto, kuphatikizapo ife a zigamba zopanda kanthu, tipatsidwa mankhwala enieni kwa chaka chathunthu. Ochotsedwa sanawerengeredwe. M'munsi mwake analembanso kuti lamulo la sauna alifewetsa, poti aona kuti munthu akadikira masiku atatu chimatireni chigamba palibe chimene chimawonongeka. Ndinawerengera pakalendala. Ensio analowa pa tsiku lachinayi chimatireni chigamba chake. Kalatayo sindinamuonetse.

Masiku ano amabwera kwanga Loweruka lililonse kuti ndim'pake mafuta kumsana, poti manja ake safikako ndipo mkazi alibe. Amakhala chowerama pampando wa kukhitchini, ine n'kumapaka, mamba akugwera pansi. Loweruka lathali anagwira dzanja langa, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kulitembenuza uku ndi uku. Linali losalala mpaka kuchigongono.

"Bola mwa awirife wina wachira," anatero. "Anthu ndi oipa, achemwali. Pakanapanda inu sindikudziwa kuti ndikanatani."

Ndinamuuza kuti avale malaya angazizidwe. Nditasesa pomwe anakhala, ndinam'pempha kuti asanapite andiwazire nkhuni, andisonkherenso moto m'sauna, chifukwa anzanga awiri amabwera kudzasamba nane cha m'ma faifi. Anatenga nkhwangwa n'kutuluka.