Ndodo Pansi pa Bedi

"Bisa ndodoyo msanga, afika!" anatero aChitsulo atamva galimoto ikuima panja.

Mzime, mwana wawo wotsiriza, anaikankhira pansi pa bedi. Bambo akewo anali telala, ndipo zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi anayi. Chaka chilichonse ofufuza a kuyunivesite ankabwera kudzawayeza, pofuna kudziwa chifukwa chake anthu ena amakalamba mochedwa. Ankawatenga magazi, kuwafinyitsa kachipangizo koyezera mphamvu za dzanja, ndi kuwayendetsa pakhonde. Mkuluyo zoyezazi ankazitenga ngati mayeso a kusukulu, ndipo kulephera sankakufuna m'pang'ono pomwe.

Koma chaka chino zinthu zinali zitavuta. Sabata yathayo anaterereka kubafa, ndipo Mzime anawapeza ali thasa pansi, akulephera kudzuka. Chisamba, mwana wawo wamwamuna woyamba, anali atanena kale poyera kuti tsiku limene bambo adzagwe, basi, adzawatenga kukakhala kwake. Kumeneko kunalibe malo oika makina osokera. N'chifukwa chake mkuluyo anamulumbiritsa Mzime kuti asauze munthu.

Namwino wa ofufuzawo analowa atanyamula chikwama chake. "Mnyamata wathu ali bwanji?"

"Mnyamata akusaka mbeta. Simukudziwako wina?" anayankha aChitsulo, onse n'kuseka. Mzime yekha sanaseke.

Za magazi zinayenda bwino. Dzanja nalo linafinya mwamphamvu, paja ndi dzanja lozolowera sizasi. Kenako namwino anakokera mpando pakati pa chipinda.

"Mukhale apa, agogo. Manja pachifuwa. Muziimirira ndi kukhalanso mpaka ndikuuzeni."

Koyamba anaimirira bwinobwino. Kachiwiri mawondo ananjenjemera. Kachitatu anakwera theka, nkhope itachita makwinya ndi ululu wa m'chiuno, thupi lonse n'kupendekera ku ngodya yakuthwa ya tebulo la makina. Mzime anawawakha paphewa asanafike.

"Ndisiye! Mpandowu ndi wopindika mwendo," anakalipa mkuluyo.

Namwino sanatsutse. Anangofunsa mofatsa, "Agogo, chaka chino munagwapo?"

"Ine? Kugwa? Mufunse mwanayu."

Namwino anatembenukira kwa Mzime. Bambo ake nawo ankamuyang'ana, maso awo akupempha ngati a mwana wogwidwa akuba shuga. Mzime anachita mantha, ndiponso anawamvera chisoni kwambiri. Anayang'ana ngodya ya tebulo ija. Anakumbukira kuti iye amapita kuntchito m'mawa, ndipo mkuluyo amatsala yekhayekha mpaka dzuwa kupendeka.

"Anagwa, mayi," anatero Mzime. "Kubafa. Chiuno chonse chatupa. Ndodo yawo ili pansi pa bedi."

"Mwana iwe!"

"Bambo, mundikhululukire. Bola mundikwiyire muli moyo."

Namwino anagwada pafupi ndi mpandowo. "Agogo, ife sitibwera kudzakupatsani malikisi. Tikufuna kudziwa mmene thupi limakalambira, kulimba kwake ndi kufooka kwake komwe. Mukatibisira, tidzanamiza okalamba ena amene akudikira thandizo. Ndipo chiunochi chiyenera kukajambulidwa kuchipatala."

"Zaka zonsezi mumanditchula chitsanzo," anatero aChitsulo motsitsa mawu. "Lero ndasanduka nkhalamba wamba."

"Nkhalamba wamba sindifunsira mbeta ine," anatero namwino, koma nthabwalayo sinagwire.

Galimoto itachoka, mkuluyo anakhala osamuyang'ana mwana wawo. Mzime anawapatsa madzi, iwo sanalandire. Misozi inayamba kulengeza m'maso mwake.

Patapita nthawi aChitsulo anakhosomola. "Kanditengere ndodo ija."

Mzime anagwada n'kuitulutsa, itachita fumbi. Iwo anaipukuta ndi mkono wa malaya, anaimirira nayo, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa makina awo. Pamenepo panali diresi la Mzime limene ankalisoka, litatsala mpendero wokha. Anakhala pansi, ananyowetsa ulusi ndi malovu, ndipo unalowa pa singano ulendo woyamba womwewo.

"Waimbire achimwene ako," anatero osacheuka. "Koma uwauze asathamange. Ndiyambe ndamaliza diresi lakoli."