Dzina Ndinalisintha

Ntchito inali imodzi. Imodzi yokha, m'holo monse muja! Matebulo analipo makumi awiri, lililonse ndi nsalu yake, zolembera zaulere ndi timapepala tonyezimira, koma ukafunsitsa unkamva nyimbo imodzimodzi: "Pakadali pano tikufuna ongodzipereka." Kudzipereka! Zaka zinayi ndikuphunzira za chisamaliro cha anthu, ndiye ndizikadya kudzipereka?

Ntchito yeniyeniyo inali ya bungwe lina losunga amayi othawa nkhanza za m'banja. Koleji inasankha ophunzira atatu a chaka chomaliza, ine mmodzi wa iwo, kuti aliyense afotokoze kwa mphindi khumi nkhani ya munthu amene anamuthandiza ali ku atachimenti, miyezi itatu ija amatitumiza kukaphunzira ntchito m'maofesi. Mkulu wa bungwelo, mayi wometa tsitsi wa magalasi a chingwe, anakhala mzere woyamba, kabuku kali pamwendo. Amene akanawasangalatsa, Lolemba akanayamba ntchito.

Poti linali tsiku lotsegukira aliyense, amayi anga anabwera. Analawirira kusita jekete yanga, ndipo tsopano anali pa mzere wachitatu atakumbatira chikwama, akuuza aliyense woyandikana nawo kuti wa jekete yabuluuyo ndi mwana wawo woyamba.

Nkhani yanga inali ya mayi wina amene ndinakumana naye ku ofesi ya chisamaliro pachipatala. Anabwera ndi mapasa aakazi a zaka zinayi, khutu lake lakumanzere litagontha ndi makofi a mwamuna. Ndine ndinamulembera kalata, ndine ndinamuperekeza kunyumba yobisika ya bungwe lomwe lija. Lamulo la ntchito yathu ndinkalidziwa ngati dzina langa, chifukwa aphunzitsi athu, amene tinkawatcha Madamu Chinsinsi, ankatiimbira tsiku ndi tsiku kuti dzina la munthu silituluka m'faelo. Ndiye dzina ndinalisintha. Paliponse ndinalemba kuti Mayi A. Ndinabwereza kuwerenga kawiri, n'kudziyamikira ndekha.

M'mawa ndinali nditapereka fulashi yanga, momwe munali masamba a nkhani yanga oti aonetsedwe pa nsalu, kwa bambo wa zokuzira mawu, amene koleji inamuitana ndi zipangizo zake. Tebulo lake linali pambali pa siteji: laputopu, pulojekita, zingwe zokulungidwa mwaudongo. Munthu waulemu, shati yopisira, fungo la sopo. Fulashiyo anailandira ndi manja awiri.

"Musade nkhawa achemwali," anatero. "Inu muzingogwedeza mutu, ine ndizidina."

Mnzanga woyamba atatsala pang'ono kuyamba, maikolofoni inalira moboola makutu. Bambo uja anakwera pasiteji, anaikonza, n'kuigogoda katatu ndi mphete ya pachala chaching'ono. Go, go, go.

"Tikumvana? Tikumvana bwinobwino?"

Anthu anaseka, ena anayankha kuti eee. Ine sindinaseke nawo.

Mawu amenewo ndinawalembapo ndi dzanja langa m'faelo. Mayi A anandiuza kuti mwamuna wake sakalipa ayi. Amatseka chitseko, amakweza wailesi, amagogoda tebulo katatu ndi mphete, n'kufunsa mofatsa kuti tikumvana. Zotsatira zake ndi khutu lija. Nanga ntchito ya mwamunayo? Kubwereketsa zokuzira mawu pamaukwati ndi pamisonkhano.

Ndinadziuza kuti iwe usapenge, a zokuzira mawu ndi ambiri, ndipo onse amagogoda. Ndinanyamuka ngati wopita kukadzithandiza, n'kudutsa kuseri kwa tebulo lake. Foni yake inali pa chaja. Uthenga unalowa, galasi linayaka, ndipo ndinaona chithunzi cha atsikana awiri ofanana atavala madiresi achikasu, mmodzi ali ndi kachipsera pachibwano. Kachipsera kameneko ndinakapakapo mafuta ndi chala changa.

Mayo ine.

Ndinaima pakhoma n'kuyamba kuwerenga masamba anga m'mutu. Tsamba lachitatu linali chithunzi cha banja, monga amatiphunzitsira kujambula. Kabokosi ndi mwamuna, zaka makumi anayi ndi chimodzi, pansi pake nditalemba ntchito yake. Kozungulira ndi mkazi. Pakati pawo mzere wa mano a sowo, kutanthauza nkhanza. Pansi, tozungulira tiwiri tolendewera pa nthambi imodzi: mapasa. Ngakhale chitsiru chikanadzizindikira. Koma tsamba lachisanu ndi chiwiri ndiye linali loopsa koposa. Pofuna kuonetsa kuti nkhani inatha bwino, ndinaikapo chithunzi cha Mayi A ali pa makina osokera m'nyumba yobisika ija, nditamujambula chakumbuyo kuti nkhope isaoneke. Nzeru zimenezo ndinazinyadira kwambiri. Koma pawindo la kutsogolo kwake pankaoneka geti lobiriwira, ndipo tsidya la msewu chikwangwani cha sitolo ya matayala, zilembo zake zowerengeka bwinobwino. Dzina ndinasintha, inde, koma munthuyo ndinamujambulira njira.

Ndinabwerera pa tebulo paja.

"Pepani bambo, mundibwezere fulashi ija. Pali poti ndikonze."

"Nayi," anatero, akundipatsa. "Koma ndakopera kale m'makina. Zonse zili m'malo mwake."

"Ndiye ndikonze mommo. Kamphindi kamodzi."

Anamwetulira, n'kuika chikhatho pa laputopu.

"Makina angawa sagwira munthu wina, achemwali. Mkazi wanga yemwe sankagwira."

Sankagwira. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati anatsegula faelo yanga, koma ndinadziluma lilime. Funso lokhalo likanamutsegulitsa.

Madamu Chinsinsi anali pasiteji, wotchi ili m'manja, akuwerengera anthu mphindi. Ndinawakodola. Anandiyang'ana, anandikwezera chala chachikulu, n'kubwerera ku wotchi yawo. Ha! Zaka zinayi kutiphunzitsa kuwerenga nkhope ya munthu amene ali pamavuto, lero yanga akuiwerenga kuti ndi mantha a pasiteji!

Woyamba anamaliza. Wachiwiri anayamba, mnyamata wolankhula ngati wa pawailesi, nkhani yake ya okalamba. Ine mutu unali kuzungulira. Ndidumphe masamba awiriwo? Wodina ndi bambo yemwe uja, ndipo pa laputopu masamba onse amaoneka m'mbali, ating'onoting'ono. Ndilankhule popanda zithunzi? Faelo itsalabe m'makina, madzulo apita nayo kwawo. Ndiye panali kamawu kena, sindibisa, kakunong'oneza kuti anthu a makinawa sawerenga, amangodina maso ali pa foni. Mphindi khumi zokha, Lolemba uli mu ofesi, amayi ako apumeko. Mulungu andikhululukire, kamawu kameneko ndinakamvetsera mpaka mnyamata uja anafika pothokoza.

Anaitana dzina langa. Amayi anayamba kuwomba m'manja anthu onse asanayambe, ndipo anamaliza onse atasiya.

Ndinakwera. Masitepe anali atatu okha. Pa nsalu yoyera kumbuyo kwanga panatuluka tsamba loyamba: Mayi A, ulendo wochoka m'nkhanza. Ndinapereka moni kwa akuluakulu, moni kwa alendo, moni kwa ophunzira anzanga. Ndikanatha ndikanapereka moni ndi kwa mipando yomwe. Moni unatha. Ndinayang'ana kumbali. Bambo uja sanali pa foni ayi. Maso ake anali pa laputopu, chala chili pa batani.

"Tipitirire?" anafunsa.

"Dikirani."

M'holo munangoti zii. Mkulu wa bungwe anakweza magalasi, cholembera chili m'mwamba. Amayi ankandigwedezera mutu kuti yankhula, mwanawe, yankhula.

Ndinaika maikolofoni pansi. Ndinatsika masitepe aja, ndinafika pa tebulo, ndinazula chingwe cha pulojekita, nsalu ija n'kuchita mdima. Ndikutembenuza laputopu, dzanja la bambo uja linagwira mkono wanga pansi pa tebulo, pomwe anthu sakanaona. Nkhope yake inali ikumwetulirabe kwa anthu. Mphete ija inalowa m'fupa.

"Achemwali," ananong'ona, "sitikumvana."

Apa ndiye mantha anathawa, ukali wa kwathu unakwera.

"Tandisiyani! Ndisiyeni ndisanakuwe holo yonseyi imve! Ntchitoyi ndi yanga, ndinalemba ndine!"

Anthu a kutsogolo anaimirira. Anandisiya, manja n'kuwakweza m'mwamba ngati munthu wolakwiridwa. Ndinafufuta faelo ija, ndinalowa motayira zofufutidwa n'kufufutanso mommo.

"Kodi mwana iwe wazungulira mutu?" anatero Madamu Chinsinsi, ataiwala kuti maikolofoni yawo ndi yotsegula.

"Sindifotokoza lero," ndinatero. "Pepani nonse."

Ndinatuluka pakati pa mipando, manong'onong'o akunditsata. Wina kumbuyo anaseka n'kunena kuti ameneyu ndiye akufunika womuthandiza.

Amayi anandipeza pakhonde.

"Zaka zinayi, iwe! Zaka zinayi ndikudzuka ndi nkhuku, lero undichititse manyazi pamaso pa anthu? Chakugwira n'chiyani?"

"Sindinganene, amayi."

"Kwa ine? Ine amene ndinakubereka?"

"Ngakhale kwa inu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, anatsonya, n'kukakhala pa benchi atandifulatira. Zinandipweteka kuposa mkono uja.

Patapita nthawi pang'ono mkulu wa bungwe anatuluka, kabuku kali m'khwapa. Ndinawatsekera njira, n'kuwapempha tilowe m'kalasi ina yopanda anthu. Nyumba yobisika ija inali yawo, ndiye kwa iwo ndikanatha kunena. Ndinatseka chitseko n'kufotokoza zonse: mphete, mapasa pa foni, masamba awiri aja. Sanandidule mawu.

"Ndionetse tsambalo," anatero.

Linali pa foni yanga. Analikulitsa ndi zala ziwiri, anayang'ana geti, anayang'ana chikwangwani. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Anakuloleza ndani kujambula m'nyumba imeneyi?"

"Mayi, nkhope sikuoneka, ndipo dzina ndinali—"

"Ndafunsa kuti ndani."

"Palibe."

"Faeloyi yakhala m'makina mwake kuyambira nthawi yanji?"

"Eiti koloko."

Tonse tinayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa leveni.

"Anatsegula?"

"Sindikudziwa, mayi. Mwina ayi. Ndafufuta zonse."

"Wafufuta m'makina. M'maso mwake wafufutamo?"

Sanadikire yankho. Anatulutsa foni, anaimba, ndipo mawu awo anali ozizira ngati akuitanitsa mapepala a mu ofesi.

"Longedzani. Onse. Ayi, osati mawa, pompano. Galimoto ikubwera. Ana a kusukulu mukawatenge, musadikire aweruke. Geti musatsegulire munthu, ngakhale anene kuti ndi wa magetsi."

M'nyumba muja munali amayi asanu ndi anayi ndi ana khumi ndi anayi. Ndinkawadziwa onse poti ndinkapitako kawirikawiri kukaona Mayi A, ndinkadziwa amene amagona pafupi ndi chitseko ndi amene sadya ngati pali munthu waima kumbuyo kwake. Mapasa aja anali atangosiya kumene kugona atavala nsapato. Misozi inatsika yokha, ndipo sindinaipukute.

Mkuluyo anadula foni n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zimene wachita m'holomo ndi kulimba mtima. Ambiri akanapitiriza, n'kumapemphera kuti asaone. Zimenezo sindiiwala. Koma ntchito sindikupatsa."

"Ntchitoyo isiyeni, mayi. Ingondilolani ndikathandize kunyamula. Manja ndili nawo, ana aja amandidziwa, sakalira ndikawanyamula ine. Chonde."

Anali atagwira kale chitseko. Anatembenuka, ndipo mawu awo anafewa pang'ono.

"Ayi, mwana wanga. Kumene tikupitako, iwe usakudziwe."