Mimba ya Keziya

Zaka khumi ndi chimodzi tinakhala pabanja, ine Vitus ndi Keziya, mwana osaoneka. Tinali matenanti pa esiteti ya fodya ku Kapondo, ndipo anthu a kumeneko pakamwa sapumitsa. Ndiye mu 1998 mimba ya Keziya itayamba kukula, kusamba atasiya, ndinkayenda ngati esitetiyo ndi yanga. Amayi achikulire mpaka anamuchitira chisamba, kumulanga za mimba yoyamba.

Koma manja ake ankangoonda, maso achikasu, mitsempha itatuluka pamimba ngati mizu ya mbatata. Tsiku lina anasanza magazi, ndipo tinathamangira kuchipatala cha pa Boma.

Adokotala anagogoda mimbayo ndi zala, n'kumuyeza magazi.

"Bambo, muno mulibe mwana, ndi madzi. Kachilombo ka matenda a chiwindi kakhala kakuwononga chiwindi chawo kwa zaka zambiri, tsopano chauma gwa. Magazi akulephera kudutsamo, akubwerera n'kumatupitsa mitsempha. Mtsempha wina waphulika, n'chifukwa chake asanza magazi."

Ndinafuna kuwatukwana, Mulungu andikhululukire. Anamupopa madziwo, koma tisanatuluke m'chipatalamo mimba inali itayambanso kudzaza.

Tili mu minibasi pobwerera, Keziya anandigwira dzanja.

"A Vitus, musawauze anthu. Kuchitsime amandilanda ndowa, amati khalani pansi, mayi. Chibadwire palibe anandiitanapo choncho."

Ndinamvera. Kwa miyezi itatu ankakhala pakhonde, anzake akumubweretsera bwemba ndi malambe, iye akuseka nawo. Ine ndinkakalirira kuchigafa choumitsiramo fodya. Anamwalira fodya atangoyamba kuthyoledwa.

Tsiku la maliro a Mateyo, mkulu wa adzukulu oyika maliro, anandipeza pakhomo, mpeni utakulungidwa m'kansalu.

"Mwambo mukuudziwa, bambo. Mayi wapakati saikidwa ndi mwana m'mimba. Tiyenera kuwalekanitsa."

"Musamukhudze."

"Pepani, koma tikapanda kutero kumanda sitipita."

Ndinawachonderera, ndinagwada, koma ayi ndithu, analowa m'nyumba. Pamenepo ndinakuwa anthu onse akumva.

"Mulibe mwana! Munalibe chiyambire, ndi madzi okhaokha!"

Amayi amene ankaimba anasiya nyimbo pakati.

Keziya ndimamusowa, abale, mpaka lero sinditha kudutsa pachitsime paja. Moyo wake wonse anandipempha chinthu chimodzi chokha, ine n'kuchiulula iye ali chigonere pamphasa, asanafike n'komwe kumanda.